Mutu 14: Dzimbiri, Mapepala ndi Mtengo wa Galimoto Zakale za ku Britain

Mu 2016, pa okushoni ina mumzinda wa London, anagulitsa galimoto ya Jaguar E-Type ya mu 1963 imene inapezeka pansi pa mpanda wa zitsamba ku Bisley, m'chigawo cha Surrey. Inali itatha zaka zambiri osayenda ndipo dzimbiri linali litaidya paliponse. Wogula analipira mapaundi oposa 50,000, ndalama zokwanira kugula galimoto yatsopano yapamwamba, n'kuikweza pa lole chifukwa payokha sikanasuntha.

Malonda otere si achilendo ku Britain, ku America ndi m'maiko a ku Ulaya. Wogulitsa sabisa kuti matayala anaphwa, mipando inang'ambika ndipo injini inaliza komaliza kalekale. Amachita kunyadira kuti chitulukireni m'fakitale galimotoyo sinaphwasulidwepo n'kukonzedwanso. Ena amaletsa ngakhale kupukuta fumbi mpaka tsiku la malonda litadutsa. Pa anthu ogula galimoto zotere, ena amaphula kanthu ndipo ena amagula mavuto a zaka khumi. Zimene zimawasiyanitsa ndi zinthu zitatu zomwe munthu angathe kuziyeza asanatulutse ndalama: mmene chitsulo chilili pansi pa penti, zimene mapepala akunena, ndi mtengo umene galimoto yamtundu womwewo imagulidwa ikakhala yabwinobwino.

Chifukwa chake zilipo zambiri

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha mu 1945, dziko la Britain linali m'ngongole zazikulu ndipo linkasowa madola a ku America. Boma linkagawa chitsulo ku mafakitale poyang'ana kuchuluka kwa katundu amene fakitale ikugulitsa kunja. Makampani a galimoto anapeza kuti Aamerika ankakonda tigalimoto ta anthu awiri, topanda denga, tofupika ndi tomvera chiwongolero pamakona. MG TC, imene inapangidwa kuyambira mu 1945 mpaka 1949, ndiyo inatsegula njira. Zinapangidwa pafupifupi 10,000 zokha, koma zinatchukitsa dzina la MG kutsidya kwa nyanja.

Pambuyo pake zinatuluka zambiri. Triumph inayamba ndi TR2 mu 1953, chaka chomwe Austin-Healey 100 inalowanso pamsika. MGA inabwera mu 1955 ndipo zinapangidwa zoposa 100,000. Jaguar inaonetsa E-Type pa chionetsero cha ku Geneva mu March 1961, ikunena kuti imathamanga makilomita 240 pa ola, pamtengo wa mapaundi 2,000 ndi pang'ono, wotsika kwambiri pouyerekeza ndi wa Ferrari kapena Aston Martin. Chaka chotsatira fakitale ya MG ya ku Abingdon inatulutsa MGB, imene inapangidwa mpaka fakitaleyo itatsekedwa mu 1980.

Manambala awa ndi ofunika kwa wogula. MGB zinapangidwa zoposa 500,000. Triumph Spitfire zinaposa 300,000, TR6 zinaposa 90,000, pamene E-Type zonse pamodzi zinali 72,000 ndi zapamwamba pang'ono. Galimoto ikhoza kukhala ya zaka 60 koma osakhala yosowa. Ukalamba wokha sukweza mtengo. Munthu amene akufuna MGB lero ali ndi zambiri zoti asankhepo, ndipo wogulitsa amene wakakamira mtengo wokwera akupikisana ndi anzake ambirimbiri.

Galimoto zitatu, chitsatso chimodzi

Galimoto zimene amazitsatsa kuti sizinakonzedwenso zili m'magulu atatu, ndipo mitengo yake siyandikana n'komwe.

Gulu loyamba ndi la galimoto yosungidwa bwino. Mwina inali ndi eni ake awiri okha, ikugona m'galaja youma, ikuyenda mwa apo ndi apo, oyilo akusinthidwa pa nthawi yake. Penti yake ndi ya kufakitale ngakhale inazilala, zikopa za mipando zili ndi makwinya koma sizinabooke, ndipo malisiti ake ali m'faelo kuyambira tsiku logula. Zotere ndi zochepa kwambiri.

Gulu lachiwiri ndi la galimoto yotayidwa. Inaonongeka tsiku lina, mwini wake n'kuikankhira m'shedi akuti adzaikonza akadzapeza mpata, mpatawo osapezeka mpaka iye kumwalira, ana n'kuitulukira poyeretsa pamalo. Apa pamafunika kufunsa funso limene ogula ambiri amaiwala: inaimikidwiranji? Anthu sakonda kutsekera galimoto yoyenda bwino. Kawirikawiri inalephera mayeso a pamsewu chifukwa cha dzimbiri, kapena injini inagogoda, ndipo vutolo likadalipo, kungoti laonjezekera ndi zaka zonse zimene yakhala.

Gulu lachitatu ndi loopsa kuposa onse. Iyi ndi galimoto imene inakhudzidwa kale, m'zaka za m'ma 1970 kapena 1980, pamene inali chabe galimoto yakutha ya mwana wa sukulu. Zibowo anazimata ndi fila, nthawi zina atatsekera ndi sefa ya waya kapena nyuzipepala, kenako n'kupopera penti pamwamba. Papita zaka 40, pentiyo nayo yakalamba, moti imaoneka ngati ya kufakitale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula amalipira mtengo wa gulu loyamba atatenga galimoto yoipa kuposa ya gulu lachiwiri, chifukwa mmisiri adzayamba wachotsa ntchito yoipayo asanafike pa vuto lenileni.

Kumene dzimbiri limabisala

Mafakitale a nthawi imeneyo sankateteza chitsulo mmene amachitira masiku ano. M'kati mwa zitsulo zamphako nthawi zambiri munalibe penti kapena phula lokwanira. Pamwamba pa izo, m'nyengo ya chisanu misewu ya ku Britain imathiridwa mchere kuti madzi oundana asungunuke, ndipo matope amchere amakamatirira kuseri kwa matayala n'kukhala pomwepo chaka chonse ali onyowa. Dzimbiri limayambira m'kati kutulukira kunja. Pamene tithuza tayamba kuoneka pa penti, kuseri kwake kumakhala kutatha kale.

Tione MGB mwapafupi. Galimoto iyi ilibe chasisi chapadera. Bodi yake ndiyo imanyamula injini, mawilo ndi anthu. Pa MGB yopanda denga lachitsulo, mphamvu yake yaikulu ili m'ziundo ziwiri za m'munsi mwa zitseko. Chiundo chilichonse ndi zitsulo zingapo zowotchereredwa pamodzi ngati bokosi lalitali, ndipo chimapitirira kulowa kuseri kwa mapiko a kutsogolo ndi a kumbuyo kumene diso silifika. Wofuna kubera amangovindikira chitsulo chatsopano pamwamba pa chowola. Kukonza koyenera kumafuna kudula m'munsi mwa mapiko, kumangirira bodi kuti isapindike, ndi kusintha zidutswa zonse chimodzichimodzi.

Munthu wodziwa akafika pa galimoto yotere sathamangira kutsegula boneti. Amayamba wayang'ana mpata wa pakati pa chitseko ndi bodi. Ngati mpatawo ndi wopapatiza pamwamba koma wotakasuka pansi, galimoto yayamba kuwerama pakati. Amatsegula chitseko n'kuchinyamula pang'ono kumapeto kuti amve ngati mzati wa mahinjesi ukugwedera. Amaika jeke pamalo pake n'kukweza pang'onopang'ono akumvetsera: chitsulo chowola chimalira ngati munthu akuponda masamba ouma, ndipo chitseko chimene chimatsekeka bwino galimoto ili pansi chimayamba kukana. Amatukula makapeti n'kuunika ndi tochi pansi pa mapazi, m'buti, pogwira masipuling'i a kumbuyo, ndi m'timabokosi ta mabatire kuseri kwa mipando, poti MGB zoyambirira zinali ndi mabatire awiri a mavoti 6 amene asidi wake ankadya chitsulo. Pomaliza amayendetsa kamaginito kokutidwa ndi kansalu m'munsi mwa mapiko. Pamene pali chitsulo kamakakamira. Pamene pali fila wochuluka kamagwa.

Mtundu uliwonse uli ndi malo ake. Triumph TR6 ili ndi chasisi chapadera, ndipo chimakonda kuwola pamene pamagwira mikono ya mawilo a kumbuyo. Malowa akatha, gudumu likhoza kupatuka galimoto ili pa liwiro. Austin-Healey zazikulu zili ndi aluminiyamu pakati pa bodi ndi chitsulo m'mapiko, ndipo pamene zitsulo ziwirizi zakhudzana pali chinyezi, aluminiyamu amasanduka ufa woyera. Apa maginito sathandiza, poti sagwira aluminiyamu. MG TC ndi abale ake TD ndi TF ali ndi mafupa a matabwa pansi pa malata, monganso galimoto za Morgan za ku Malvern, choncho pamafunika kalipentala kuonjezera pa wowotcherera. E-Type ili ndi bodi yonyamula katundu kuyambira pa galasi kubwerera kumbuyo, pamene injini imakhala pa felemu ya mapaipi opyapyala amene akachita dzimbiri kapena kung'aluka, akatswiri amalangiza kusintha m'malo mowotcherera.

Nyengo ya kumene galimoto inakhala imasintha nkhani yonse. N'chifukwa chake kuyambira m'zaka za m'ma 1980 amalonda akhala akubweza ku Britain galimoto zimene zinagulitsidwa ku California ndi ku Arizona. Dzuwa limaotcha penti, mipando ndi mphira, koma chitsulo chimatsala chamoyo. Za ku South Africa, makamaka za kumtunda kouma monga ku Johannesburg, zimafunidwanso, ndipo zili ndi mwayi wina woti chiwongolero chili kumanja monga za ku Britain.

Injini si imene imasaukitsa

Ogula ongoyamba kumene amaopa injini yosalira kuposa dzimbiri, koma pa galimoto zambiri za mtunduwu zinthu zili mosemphana. Injini ya MGB, ya masilinda anayi ndi 1,798 cc, ndi ya m'banja lomwe linkaikidwa m'galimoto wamba za Austin ndi Morris. Ya TR2 mpaka TR4 ndi pachibale ndi ya Standard Vanguard komanso ya thirakitala ya Ferguson. Ndi injini zachitsulo cholemera, zopanda kompyuta, zimene makaniko waluso amaphwasula ndi kumanganso ndi masipanala wamba. Zipangizo zake zikupangidwabe. Kuyambira mu 1988 kampani ya British Motor Heritage inayambanso kupanga ngakhale mabodi athunthu a MGB pogwiritsa ntchito zikombole zenizeni za kufakitale.

Komabe kukhala nthawi yaitali kuli ndi mtengo wake, ndipo wogula ayenera kuuwerengera. Mapisitoni amagwirana ndi makoma a masilinda, ndiye amayamba ayesa kutembenuza injini ndi sipanala atachotsa mapulagi, osati kuigwejemula ndi batire. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi n'kudyetsa mapaipi ndi masilinda a mabuleki. Kilatchi imamatirira. Petulo wakale amauma n'kusiya zomata m'thanki ndi m'makabuleta a SU. Mapaipi onse amphira amauma n'kung'aluka. Matayala, ngakhale mapanga ake akuoneka akuya, sayenera kudaliridwa atakalamba. Makoswe amadya mawaya ndi kumanga zisa m'mipando. Zamagetsi za kampani ya Lucas zinatchuka ndi nthabwala zakuti zimakonda mdima, ngakhale mavuto ambiri amachokera pa molumikizira mawaya mochita dzimbiri, zomwe kukonza kwake ndi kuleza mtima basi.

Palinso za mafuta a masiku ano. Injini izi anazipanga kuti zizimwa petulo wokhala ndi mtovu, amene Britain inasiya kugulitsa pa mapampu wamba mu 2000, choncho zambiri zimafuna mipando yolimba ya mavalavu ngati zizikayenda maulendo aatali. Petulo wa E10, amene anafala kumeneko kuyambira mu September 2021, amaononga mphira zakale za m'njira ya mafuta.

Jaguar E-Type ndi nkhani ina. Injini ya XK ya masilinda 6 ndi yodula kumanganso, kusintha kilatchi kumafuna kutulutsa injini yonse, ndipo mabuleki a kumbuyo ali m'kati pafupi ndi difu, moti ntchito yaikulu pa iwo imafuna kutsitsa zonse za kumbuyo. Ngakhale zili choncho, bilu ya injini imadziwika malire ake makaniko asanayambe. Bilu ya dzimbiri imadziwika penti itachotsedwa, galimoto itakhala kale yako.

Masamu amene amagamula

Mmisiri salipitsa poyang'ana dzina la galimoto. Ola lowotcherera chiundo cha MGB ndi ola lomwelo lowotcherera chiundo cha E-Type. Kupala penti, kuwongola bodi, kupopera, kusoka mipando, kupakanso zonyezimira pa mabampala, zonsezi zimadya maola, ndipo kukonzanso galimoto yonse kuchokera pa chitsulo chopanda penti sikachilendo kupitirira maola 1,000. Chosiyana ndi denga la mtengo: ndalama zimene msika ungalipire ntchito ikatha.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti njira yowerengera ioneke. Tinene kuti MGB yabwino kwambiri ikugulidwa mapaundi 18,000, ndipo wina akutsatsa yotayidwa m'shedi pa mapaundi 5,000. Ngati ikufuna maola 800 pa mapaundi 50 ola limodzi, mmisiri yekha watenga 40,000, zipangizo tisanaziwerengere. Wogula adzaononga ndalama zoposa 45,000 kuti akhale ndi galimoto ya 18,000. Ngakhale akanapatsidwa ulere, akanaluzabe. Tsopano tiike maola omwewo pa galimoto yosowa imene ikatha ingagulidwe 130,000. Wogula akhoza kulipira 50,000 pa chiphakasa chake, kuonongeranso 60,000, n'kutsala osaluza. Dzimbiri ndi lofanana, koma pa galimoto yoyamba lapha malonda pamene pa yachiwiri langodulako phindu.

Apa ndi pamene pachokera lamulo limene okonda galimoto zakale amauzana: pa mitundu yofala, gula yabwino kwambiri imene thumba lako lingakwanitse, ndipo usiye wina alipire zokonzetsa. Munthu amene anakonzetsa MGB kapena Spitfire kwa amisiri amaigulitsa motsika kuposa zimene anaononga, ndipo wogula wachiwiri ndiye amadyerera.

Masamuwa amasintha kwa munthu wodziwa kuwotcherera amene ali ndi galaja, zida ndi nthawi. Iye maola sawalipira, ndipo kwa ambiri ntchitoyo ndiyo chisangalalo chimene akugula. Koma naye ayenera kudziwa kuti m'malonda a galimoto zakale mumadzaza zophwasulidwa theka, zipangizo zili m'makatoni, eni ake atatopa pakati pa njira. Yotere imagulidwa motsika kuposa mmene inalili isanakhudzidwe, chifukwa palibe amene akudziwa bawuti imene yasowa. Tizidutswa ting'onoting'ono ta mitundu yosowa, monga mamita a pa dashibodi, zogwirira ndi zokongoletsera, nthawi zina timavuta kupeza kuposa injini.

Zimene mapepala amanena

Galimoto ziwiri zooneka chimodzimodzi zikhoza kusiyana mtengo kawiri kapena katatu chifukwa cha manambala okhomedwa pa kachitsulo. TR6 zogulitsidwa ku Britain zinali ndi makina a Lucas opopera petulo m'injini, ndipo zoyambirira zinkatchulidwa kuti zili ndi mahosipawa 150. Zopita ku America zinali ndi makabuleta ndi mphamvu yongopitirira pang'ono 100 chifukwa cha malamulo a utsi. Nambala yoyamba ndi CP kapena CR imasonyeza ya mtundu woyamba, pamene CC kapena CF ndi ya ku America, ngakhale wina atasamutsira chiwongolero kumanja. MGB za mabampala onyezimira zimafunidwa kuposa za mabampala akuda amphira, zimene zinayamba kumapeto kwa 1974 potsatira malamulo a ku America ndipo anazikweza msinkhu pang'ono. Pa E-Type, zoyambirira zenizeni za mu 1961, za pansi posalala ndi zotsekera boneti zakunja, zili pamwamba, pamene za mipando inayi zokhala ndi giya yodzisintha yokha zili pansi.

Kumene kuli kusiyana kotere kumakhalanso achinyengo. Austin-Healey 100M zopangidwa kufakitale zinali 640 zokha, koma zipangizo zosandutsira 100 wamba kuti ifanane nayo zinkagulitsidwa padera, moti zodzitcha 100M ndi zambiri kuposa zenizeni. Mwayi wake ndi wakuti mabuku a mafakitale anasungidwa. Bungwe la British Motor Industry Heritage Trust, limene lili ku British Motor Museum ku Gaydon, limapereka satifiketi yosonyeza tsiku limene MG, Triumph kapena Austin-Healey inapangidwa, mtundu wa penti yake ndi kumene inatumizidwa. Jaguar Daimler Heritage Trust imachita chimodzimodzi pa galimoto za Jaguar. Wogula amayerekeza satifiketiyo ndi manambala a pa bodi, pa injini ndi pa chikalata cha umwini chimene ku Britain chimatchedwa V5C. Pa galimoto yodula, injini imene inatuluka nayo m'fakitale imakweza mtengo kwambiri. Pa MGB wamba, ochepa amasamala.

Mita yowerengera mtunda isakhulupiriridwe payokha. Ili ndi manambala asanu okha, ndipo ikafika mamailosi 99,999 imabwerera pa ziro. Umboni wa mtunda wochepa ndi malisiti ndi zikalata za mayeso a pamsewu zotsatizana chaka ndi chaka, pamodzi ndi mphira za mapedulo zosaperepeseka ndi mpando wa dalaivala wosaphwa. Ku Britain galimoto ya zaka zoposa 40 ikhoza kukhululukidwa msonkho wa pamsewu, ndipo kuyambira mu 2018 siikakamizidwanso kupita ku mayeso a pamsewu a MOT ngati sinasinthidwe kwambiri. Kwa mwini wake ndi mpumulo, koma kwa wogula zikutanthauza kuti galimoto ikhoza kukhala pamsewu mwalamulo popanda katswiri aliyense kuisuzumira pansi kwa zaka zingapo.

Chimene mmisiri sangabwezere

Nanga n'chifukwa chiyani ena amalipira zambiri pa galimoto ya penti yozilala kuposa pa yonyezimira? Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mitengo ya galimoto zakale inakwera mopenga, isanagwe cha m'ma 1990. M'nyengo imeneyo zambiri zinakonzedwa mothamanga pofuna phindu, zina zinakongoletsedwa kuposa mmene fakitale inkachitira. Patapita nthawi osonkhanitsa galimoto anazindikira kuti yokonzedwanso ikhoza kupangidwa tsiku lililonse ndi aliyense wa ndalama, pamene penti yopoperedwa kufakitale ya ku Coventry mu 1962, ikapalidwa, yapita. Galimoto yosakhudzidwa ndiyonso umboni wa mmene fakitale inkayendetsera mawaya, kuwotcherera ndi kusoka, ndipo okonza zina amabwera kudzaonera pa iyo.

Maganizo amenewa anakhazikika. Bungwe la FIVA, loyang'anira za galimoto zakale padziko lonse, linatulutsa Charter of Turin imene inayamba kugwira ntchito mu 2013, yolimbikitsa kusunga mbiri ya galimoto m'malo moifufuta. Mu January 2017, ku Scottsdale m'dziko la America, imodzi mwa E-Type 12 zopepuka za mpikisano, yodziwika kuti inasungidwa pafupifupi mmene inalili, inagulidwa madola oposa 7 miliyoni. Mu 2024 chionetsero cha Pebble Beach ku California chinapereka mphotho yake yaikulu kwa nthawi yoyamba kwa galimoto ya m'gulu la zosakonzedwanso, Bugatti Type 59 ya mu 1934.

Nkhani zotere ndi zimene zimazunguza mitu ya ogulitsa wamba. Munthu amamva za mamiliyoni n'kuganiza kuti Spitfire yowola ya malume ake nayo ndi chuma. Koma mtengo wapaderawo umapita kwa galimoto ya gulu loyamba lija: imene ingatsukidwe, kukonzedwa mabuleki ndi mapaipi, n'kuyenda ili ndi penti ndi mipando yake. Galimoto imene ziundo zake zatha iyenera kudulidwa, kuwotchereredwa ndi kupoperedwa, ndipo zikatero ukale umene wogula analipirira watha. Walipira kawiri, poyamba kugula ukalewo, kenako kuuchotsa.

Mtengo wotchulidwa ndi mtengo wogulira

Mtengo wa pa chitsatso ndi chikhumbo cha wogulitsa. Nthawi zambiri amautenga poona zitsatso za anzake, amene nawonso sanagulitse. Muli chikondi cha pa malemu bambo, muli ndalama zimene anaononga kale, muli nkhani ya pa wailesi yakanema. Chimene chimauza zoona ndi mitengo imene galimoto zofanana zagulidwa posachedwa, ndipo makampani a okushoni amaisindikiza poyera. Powerenga mitengoyo tikumbukire kuti wogula pa okushoni amalipiranso komishoni ya kampani pamwamba pa mtengo wogogodera, ndiponso kuti msika umakwera ndi kutsika. Mitundu yambiri ya m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 imadalira mbadwo umene unkaisirira uli achinyamata, ndipo mbadwowo ukukalamba.

Wogula wanzeru amayamba ndi mtengo wa galimoto yabwino ya mtundu womwewo, chaka chomwecho. Amachotsapo zimene mmisiri wodziwa mtunduwo wanena ataiona ili pamwamba pa chokwezera, osati pa zithunzi. Amachotsanso gawo lina la zobisika, poti nthawi zonse zimakhalapo. Chotsalacho ndiwo mtengo wake. Makalabu a eni galimoto, monga MG Car Club imene inayamba mu 1930 ndi TR Register, ali ndi anthu odziwa malo onse obisika, ndipo ndalama yolipira woyendera wodziimira payekha ndi yaing'ono poiyerekeza ndi chiundo chimodzi. Wogulitsa amene akukana jeke, tochi ndi maginito wayankha kale funso.

Choncho galimoto yosakonzedwanso imayenera mtengo wokwera pa zifukwa ziwiri zokha: ngati ili yolimba moti ikhoza kusungidwa osaphwasulidwa ndipo mapepala akuchitira umboni, kapena ngati ndi yosowa moti mtengo wake ikatha ungameze bilu yonse ya amisiri. Ngati ndi MGB, MG Midget kapena Spitfire yowola pansi, mtengo wake woyenera ndi wa zipangizo zimene zingachotsedwemo, ndipo wogula angachite bwino kuonjezera ndalama n'kutenga ina yoyenda kale.